Thumba la Fosholo

Pa siteji ya basi yopita kuphiri ku Bariloche, Griselda anatsamira matabwa ake otsetserekera pa chipale chofewa, maso ali pa chikwama chatsopano cha bambo wina wosamudziwa.

"Chikwama chabwino, bambo. Thumba lakutsogololo ndi la fosholo, eti?"

"Ndinachigulira thumba limeneli, mayi. Fulasiki ya tiyi wa yeriba ndi kapaipi kake komwera zikukwanamo ndendende!"

"Nanga fosholoyo?"

"Ndaisiya kunyumba. Imalemera."

"Abale inu! Tonsetu tikukwera phiri limodzi. Chipale chikagumuka n'kundikwirira, mundifukula ndi chiyani? Kapaipi komwera tiyi?"

"Aa, koma inu mwatenga yanu, si choncho?"

"Ndatenga, bambo, koma yangayi ndi yofukulira inuyo. Ndikakwiririka ine, ikwiririka nane limodzi."