Ndinalowa Chikamwini Chifukwa cha Pikapu

Masiku amenewo mafoni a m'manjawa asanafike kuno kumapiri, munthu ukafuna chinthu unkanyamuka ndi miyendo yako kukachiona, osati zanu za lerozi zogula galimoto pachithunzi nkudzadabwa ikufika yopanda mipando. Makiyi mukupemphawo ndikupatsani, musathamange magazi, koma mumve kaye. Iwe Mavuto, chotsa phazi patayalapo, ukuponda agogo ako. Inde, ndati agogo ako, ndipo musaseke, chifukwa pikapu mukuitcha chiphaphayi ine ndinachita kuifunsira mbeta, ankhoswe ali pomwepo.

Mbiri yake ndinaimva pamsika wa pa boma, kuti ku Lobi kuli mayi wina wamasiye, a Nambewe, amene akusunga galimoto ya malemu amuna awo. Nditafika ndinangoti kakasi. Inali m'chisakasa cha udzu, ataikhazika pa njerwa kuti matayala asawonongeke, ataifunditsa mphasa ndi masaka, ndipo mayiwo ankaipukuta Loweruka lililonse ngakhale inali itatha zaka zambirimbiri isanalire. Penti yobiriwira mukuionayi ndi yomweyo. Dzimbiri panalibe, mpando wosang'ambika, mwini wake wina anali nkhuku yokha imene inkaikira mazira kumbuyo. Ndinaikonda pomwepo, sindibisa, ndipo ndinafunsa mtengo.

"Mtengo wa chiyani?" anatero a Nambewe. "Mwaona mbuzi pano? Ameneyu ndi mwana wanga, wina pakhomo pano ndilibe. Anabwera a ku Lilongwe atavala mataye, ndinawabweza. Ngati mukumufunadi, tumizani ankhoswe."

Ine ndinkayesa nthabwala, koma nkhope yawo inali gwa. Kunyumba ndinafotokozera agogo anu aakaziwa, a Naphiri, ndipo anaseka mpaka kugwira nthiti. Anati, "Pitani mukakwatire, bola mkazi mnzangayo azidzasenza kachewere." Basitu ndinagulitsa ng'ombe zanga za ngolo pamodzi ndi ngolo yomwe, achimwene anga a Lufeyo anavala jekete, nkupita nane ku Lobi ngati ankhoswe. Ananjuta, anaomba m'manja, anapereka zonse mwaulemu, ndipo a Nambewe analandira ndi manja awiri. Titaimirira kuti tikambe zoikoka, mpamene anaponya mawu.

"Kwathu kuno nkwa chikamwini, mwamuna ndiye amabwera. Muikonzere pompano. Ikalira tidzakambirana za chitengwa."

Inu a masiku ano mumangotengana padepoti, mawa nkumva kuti ndinu banja. Kale kuti umutengere mkazi kwanu, chimenecho ndiye chitengwa, unkayamba waonetsa ntchito kwa apongozi. Ndiye ine, munthu wa imvi kale m'ndevu, ndinayamba kupalasa njinga m'mawa uliwonse kupita ku chikamwini, sipanala zikulira m'thumba.

Ntchitoyo ndinkaidziwa, paja ndili mnyamata ndinayendapo pa malole. Ndinakhetsa petulo wakale amene anali atasanduka ngati uchi, ndinatsuka thanki, kabuleta ndinaimasula nkuipukuta kachitsulo kalikonse, oyilo watsopano, mapulagi atsopano, batire latsopano, matayala ndinapopa ndi pampu ya njinga mpaka msana kuuma. Tsono ndikupotokola kiyi, injini inkangoti nye nye nye, osagwira. Ndinafufuza nkupeza kuti mulibe rota. Rota ndi kanthu kochepa, kongofanana ndi chotsekera botolo, kamene kamazungulira nkumagawira moto ku mapulagi, ndipo popanda iko galimoto zakalezi sizilira ngakhale mutazikankha kuchokera pamwamba pa phiri la Chongoni.

Nditawafunsa za rotayo, a Nambewe anandiyankha ali kuseri kwa nkhokwe, poti chiyambire unkhoswe uja anasiya kuyang'anizana nane, amvekere mkamwini ndi apongozi saonana m'maso. Anati, "Ine za zitsulo ndizidziwira kuti? Mwina makoswe."

Ndinasaka pa boma, ndinasaka ku Lilongwe, ndinawoloka malire kukafunsa ku Mozambiki. Amakanika ankangoseka, akuti zoterezi zinatha kalekale, ndipo kalikonse kamene ankandigulitsa ndikafika nako kankakana kulowa. Ndikakhala pansi nditagwira kumutu, mawu ankachokera kuseri kwa nkhokwe kuja. "Pepanitu apongozi. Koma poti mwabwera kale, denga la khitchini likudontha." Ndinafolera denga. Mawa lake khola la mbuzi, mkuja chitseko, kenako nkhuni. Ankanditumizira thobwa ndi mbatata yootcha, nkumandisimbira za malemu amuna awo, mmene ankayendera ndi pikapuyi ku Linthipe, mmene ankaimbira nyimbo za tchalitchi akukwera zitunda. Tsiku linkatha chonchi.

Kuno kwathu kachewere anali atakhwima. Tinakumba nkuunjika, koma chonyamulira kupita kumsewu panalibe, ng'ombe paja ndinagulitsa. Mavenda ankabwera kumunda komweko nkutchula mitengo yonyoza, poti ankadziwa kuti ndapanikizika. Anzanga a pabawo nawo akandiona ankati, "Moni akamwini, mkazi wanu uja wayamba kulankhula?" Ndinkaseka nawo, koma mumtima ndinali ndi mantha enieni, chifukwa mulu uja ukanawola, chaka chimenecho bambo anu akanasiya sukulu.

Agogo anuwa anandiyang'ana madzulo ena nkuti, "Mawa tipitira limodzi, ndikamuone mkazi mnzanga." Tinafika, koma ku galimoto sanayang'aneko nkomwe. Anakakhala pamkeka ndi a Nambewe nkuyamba kusankha nawo nyemba, ine ndili mu boneti kunamizira kumanga zimene ndinamanga kale. Anacheza za mvula, za maliro, za mtengo wa mchere, kenako ndinamva agogo anu akufunsa motsitsa mawu.

"Amayi, pamfundo ya chitenjepo mwamanga ndalama zanji zonenepa chonchi? Ndaona abambowa akangotsegula boneti, dzanja lanu likuthamangira pomwepo."

A Nambewe anayamba kuseka, kuseka ndithu kogwedeza mapewa, koma kusekako kunathera m'misozi. Anamasula mfundo ija ndi mano, ndipo rota inagwera m'lichero, pakati pa nyemba.

Ine magazi anawira. Ndinatuluka mu boneti mawu ali kale pakamwa, ndikukumbukira denga lija, khola lija, ulendo wa ku Mozambiki uja. Koma mayiwo anayamba ndiwo.

"Malemu ankakachotsa madzulo alionse kuopa akuba, nkundipatsa kuti ndisunge. M'mawa ankangoti, Nambewe, patse. Tsiku lina anandipatsa madzulo, m'mawa mwake sanapemphenso." Anapukuta m'maso ndi chitenje chomwecho. "Ndiye inu apongozi, ikalira muitenga. Abweranso ndani pakhomo pano?"

Ndinamva chisoni, ana inu, ndipo ndinachita manyazi ndi ukali wanga. Agogo anu anatola rota ija, anaiuzira mankhusu, nkundipatsa. Ndinailowetsa, inakhala khaa ngati sinachokepo. Ndikupotokola kiyi inakhosomola kawiri, utsi wakuda kuti bii, nkhuku inaulukira padenga ndinafolera lija, ndipo injini inagwira nkuyamba kulira mosalala. A Nambewe anaiwala zamwambo zija, anabwera pafupi nane penipeni nkuika dzanja pa boneti, nkumangogwedeza mutu.

Za chitengwa anakambirana akazi okhaokha, ine ndi a Lufeyo tinangouzidwa. Mwana apite kwa mwamuna wake, koma Lamulungu lililonse azibwera kwawo kudzatenga mayi ake kupita nawo ku Misa, atakhala kutsogolo. Tikabwerako ndinkazimitsa injini, kuchotsa rota, nkuwapatsa ndi manja awiri, iwo nkumanga pachitenje. Ankandibwezera tikatha kudya ndi kucheza, ndipo tsiku limene nkhuni zachepa inkachedwa kumasuka mfundoyo. Kachewere uja tinamutuladi kumsewu sabata yomweyo asanawole. Tinayenda choncho zaka zonse zimene anakhala ndi moyo, ndipo paulendo wawo wotsiriza anawanyamula ndi mwana wawo yemweyu.

Tsono makiyi si awa, landira Mavuto. Kapotokole mpaka dzanja litope, siilira. Rota ili pachitenje cha agogo anu aakazi, uko akhala okha pakhonde chifikireni inu m'mawa muja, mwangowapatsa moni wapamtunda nkuthamangira ku galimoto. Pitani mukakhale nawo pansi, mafoniwo muike m'thumba, muwafunse mmene mwendo uja wadzukira. Musafulumire kupempha, amasula okha. Koma ndikunong'onezeni, ndaona mitsuko ilibe madzi.