Fitinesi ya matayala obwereka

Abusa, akulu a mpingo, abale ndi alongo, moni m'dzina la Ambuye. Aleluya! Ee, yankhani panopa, chifukwa mukamva zanga kaya mundiyankhanso. Ndikufuna kuchitira umboni, koma ndiyambe ndafafaniza umboni wina umene ndinapereka pano pomwe miyezi inayi yapitayo.

Mukundidziwa, ndine Phiri wa ku Nangongwe. Atatichotsa ntchito ku fakitale, ndinagula kamotoka kakale kaja ka injini kumbuyo, kamene mumakatcha Kamba. Ndiko kamadyetsa ana anga. Ndimanyamula azimayi a pamsika kukaoda tomato ndi repu ku Shimabala.

Nthawi ya fitinesi itakwana ndinapita nako kokayezetsa ngati kali koyenera kuyenda pamsewu. Woyeza, bambo wamfupi wosaseka, anakazungulira kamodzi kokha. Matayala onse osalala ngati dazi langali. Nyali imodzi ikuunika kumwamba ngati ikusaka ndeke. Hutala zii. Ataponda buleki, motoka inathawira kumanzere. Kenako anavundukula kapeti, n'kupeza katoni imene ndinatsekera chibowo cha dzimbiri. Anasuzumira, n'kuona pansi. Anati, "Mdala, apa ndiye muika bantu?" Anandibweza.

Ine ndinabwera kuno n'kunena kuti Satana wandiimira panjira. Munandipempherera, ena munasala kudya. Abale, munasala kudya chifukwa cha matayala anga akutha!

Pasiteshoni madalaivala tili ndi kachitidwe kathu. Musaweramitse mitu, ena muli muno. M'mawa umabwereka matayala abwino kwa mnzako, nyali, hutala, ukapambana masana n'kubweza. Ndinachita zomwezo. Pachibowo paja ndinamatapo lata la chitini cha mafuta ophikira, n'kupaka phula. Tsikulo ndinapeza woyeza wina, mzere uli wautali, ndipo ndinadutsa, n'kulandira pepala la fitinesi. Dzuwa lisanalowe ndinali nditabwezeretsa madazi anga aja.

Lasabata ndinaima pano, pano pomwe, ndikukupiza pepala: "Mulungu wachita!" Munavina. Amene analuluta kuposa onse anali amai Lungu, aja oyambitsa nyimbo, amenenso amagulitsa tomato. Ndinanamizira Mulungu, abale. Ndinamunamizira m'nyumba mwake.

Patapita masabata atatu tinkachokera ku Shimabala m'mawa, mvula ikuwaza, amai Lungu atakhala kutsogolo. Pamtsetse tayala linaphulika, phuu! Nditaponda buleki, motoka ulendo kumanzere, mpaka m'ngalande. Lata lija linamatuka. Mwendo wa amai Lungu unalowa pachibowo, dzimbiri n'kuwacheka mpaka fupa.

Ndikuwasolola, magazi ali chuchuchu, mukudziwa zimene ananena? Anati, "Ba Phiri, musalire. Tithokoze Mulungu. Ikanakhala motoka yopanda fitinesi, bwenzi titafa tonse."

Mayo ine! Ndikanakonda akananditukwana.  Masiku anayi ndinkachita manyazi ndi mkazi wanga, manyazi ndi Baibulo langa lomwe. Tsiku lachisanu ndinapita kuchipatala, ndinagwada pambali pa bedi n'kuulula zonse, matayala, lata, phula. Amai Lungu anayang'ana bandeji. Kenako anati, "Ine nakukhululukirani. Koma mukanene komwe munanamira." Ndiye ndabwera.

Kamba ndinamuimika miyezi iwiri, ana akudya za kwa alamu. Pansi anawotcherera chitsulo chenicheni. Mabuleki atsopano, nyali yowongoka, matayala anga anga, osabwereka. Nditabwerera koyezetsa, mukuganiza ndinapeza ndani? Wamfupi uja, amene ndinamutcha Satana. Anavundukula kapeti, anapondaponda ndi jombo, nati, "Manje mungaike bantu." Munthu uja ndi amene Mulungu anatuma kudzandichenjeza, ine n'kukupemphani kuti mumudzudzule m'mapemphero.

Mundikhululukire, abusa. Mundikhululukire, mpingo. Ndikuthokoza Mulungu kuti sindinaphe munthu, ndiponso kuti madokotala sanadule mwendo uja. Pepala ndili nalo m'thumba, koma lero sindilikupiza ayi. Tayang'anani kumbuyoko, amai Lungu ndi awo ali ndi ndodo. M'mawa uno ndinapita kukawatenga, n'kuwatsegulira chitseko chakumbuyo. Anakana. Anati akhala kutsogolo, ndipo mwendo womwe uja anauika pamalo pomwe paja. Imirirani, abale, kondwerani nane. Amai Lungu, ngati mungathe, tiyambitsireni nyimbo.