Kamashini Kosakweza ka ba Lighton

M'chaka cha 1997, boma litatsegula zipata kuti aliyense agulitse chimene wafuna, ufa unkakwera, palafini ankakwera, minibasi ya ku Lusaka inkakwera, koma ku Kafue kunali chinthu chimodzi chokana kukwera: BP ya anthu opimidwa ndi a Lighton Sakala. Mkuluyu atachotsedwa ntchito ku fakitale anagula kamashini ka mabatire n'kumapima anthu pansi pa mtengo wa mango pafupi ndi siteshoni, ndipo kankauza aliyense, ngakhale iwo eni, kuti ali bwino, mpaka tsiku limene kunatulukira Emelia, mtsikana wa kusitolo ya mankhwala kumene anakagula, fomu ili m'manja.

"Muli shani, ba Lighton?"

"Nkhala pa benchi, mwana wanga. Leta kwanja."

"Awe, sininabwele kupimisa. Bamene banapanga kamashini aka batuma kalata. Bakamba ati tumashini twa mtundu uyu tuli na vuto, tunama. Nimifunseni mafunso, nilembe, elo nikatenge."

A Lighton anakakumbatira ngati khanda. "Ukatenge? Mufuna kukapruna, kukachosa nchito, monga mwamene bananiprunila ine ku fakitale?"

Emelia anayendetsa chala pa pepala. "Pa fomu palibe kupruna. Pali kubweza."

"Na ise banatiuza so. Ati tamibwezani kumunzi."

"Funso loyamba. Nambala imakwela?"

"Sininakwezeko olo ngwee kuchokela chaka chatha. Funsa aliyense pa maliketi."

"Sinikamba mtengo, ba Lighton. Nambala yamene ichoka pa kagalasi."

"Ikwele chifukwa chani? Ni unga wa nsima?" Anagogoda kagalasiko monyada. "120 pa 80. Bamayi ba nsomba ba ku Chanyanya, 120 pa 80. Madilaiva, 120 pa 80. Ku kiliniki ukangongena, ati BP yakwela, osadya mchele, osadya vamafuta. Pano bantu bachoka baseka."

Emelia anali wopemphera kwambiri, wosadziwa kuwonjezera kapena kuchotsa pa mawu a munthu. Analemba kuti anthu amachoka akuseka.

"Imwe mweka mumazipima?"

"M'mawa muli monse."

"Mapilisi ya BP yamene banamipasani ku kiliniki mukali kumwa?"

"Ninataya mu Kafue. Nsomba ndiye zikumwa manje."

"Zingati pa siku?"

"Iwe, lemba chabe ati ninapola!"

"Funso lachibili. Alipo wamene anabwelako kudandaula?"

"Palibe."

"Olo umozi?"

"Ba Fines ba ku njanji benze kubwela Mande iliyonse. Sibanadandauleko mpaka banatisiya."

"Banamisiyani? Banayamba kupimisa kwinangu?"

"Banatisiya, iwe! Banapita!"

"Kuti? Fomu ifuna keyala."

"Kumanda! Ufuna na nambala ya nyumba?"

Cholembera chinaima. "Pepani maningi. Nanga BP yao yenze bwanji?"

"120 pa 80, m'mawa mwamene muja." A Lighton anavula chipewa n'kuchiika pamtima. "Banamwalila bali bwinobwino. Bantu bangati mu Zambia muno bangakwanise?"

Emelia analemba zimenezonso, kenako anatembenuza kalata ija. "Apa bakamba ati nikapime pa chintu chilibe magazi."

Asanamuletse, anali atamanga kale lamba wa kamashini pa mwendo wa benchi. Kanalira, kanafufuma, kanaphwa. Onse awiri anawerama.

"120 pa 80," anawerenga Emelia.

"Waona manje! Mukwa uyu. Mtengo wolimba, ulibe maganizo."

"Koma benchi ilibe magazi."

"Ndiye ufuna BP yake ikwele na chani?"

"Ilibe na mtima."

"Na manejala wathu ku fakitale enze alibe mtima, koma benze kumupima."

Emelia anayang'ana fomu, anayang'ana benchi. Panalibe malo olembapo manejala.

"Ba Lighton, pansi apa pali mabokosi yabili. Mukasaina iyi, mwavomela ati kanama, nikatenga. Mukasaina iyi inangu, mwakamba ati kakamba vazoona, nikamisiyilani."

"Leta bolopeni."

"Muganize bwino. Vamene muzasaina ndiye vamene nizakhulupilila. Ine sinisusha bakulu."

"Mwana wa mazuba yano wa ulemu! Leta!"

Anasaina bokosi lachiwiri ndi mphamvu mpaka pepala linabooka. Chimwemwe chinawakwera kumutu. Anadzuka, nayamba kulalikira kwa okwera minibasi, mitsempha ya m'khosi ili tototo.

"Banapruna fakitale! Banapruna njanji! Manje bafuna kupruna chintu chimozi chamene chikamba vabwino mu tauni muno! Nikamba ine Sakala, bazayamba banipruna ine mwine—"

Mawu anathera m'kamwa. Anagwira mtengo wa mango, kenako anatsetsereka pang'onopang'ono mpaka anakhala pa benchi paja. Thukuta linali kamukamu. Kunena zoona, mantha amene anawagwira pamenepo anali asanawagwirepo chiyambire, ngakhale tsiku lolandira kalata ya ku fakitale.

"Emelia."

"Ba Lighton?"

"Niona ba Emelia babili."

"Nabwela neka."

"Kumbuyo kwa mutu kwagunda monga sitima. Kwanja uku sinikumvela."

"Kwanja sikukamba, ba Lighton."

"Kwachita zanzi, iwe! Imika minibasi. Nipeleke ku kiliniki."

"Kwamene bakamba ati osadya mchele?"

"Kwamene kuja! Endesa, fulumila!"

Emelia anaika fomu pansi mwaulemu. Anamasula lamba ku mwendo wa benchi, anamupukuta fumbi ndi chitenje, n'kumumanga pa mkono wa mkuluyo.

"Uchita chani?"

"Nione mwamene yafika, nikabauze ba nesi."

Kamashini kanalira, kanafufuma, kanaphwa. Nkhope ya Emelia inawala ngati ya munthu amene pemphero lake layankhidwa.

"Aleluya! 120 pa 80. Muli bwino, ba Lighton. Pumulani chabe, ni zuba, kwatentha."

A Lighton anatsegula diso limodzi, namuyang'ana mtsikanayo kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Iwe mwana, ni chipuba chiti, chitsilu chiti, chinakuuza ati kantu aka kakamba vazoona?"