Nambala Imene Zaidi Amaidziwa

Ine, Shamsa Atumani, wa zaka 54, wokhala ku Sanjala muno mu Lichinga, wogulitsa usipa pamsika, ndikunena izi.

Mwana wanga Zaidi anapita kokakumba golide zaka zitatu zapitazo. Alibe foni. Amaimba pa foni zobwereka, mwina kawiri pachaka, ndipo nambala imene amaidziwa pamtima ndi yanga yokha.

Nambalayo ndinailembetsa pa chiphaso cha mlongo wanga Jafar, poti changa chinali chisanatuluke. Jafar ali ndi zaka 46, amagona kwanga, amadya kwanga, ndipo ntchito imene ndinamuonapo akugwira ndi yopesa ndevu.

Lolemba pa 3 Juni kampani ya mafoni inatumiza uthenga woti nambala yanga yakwanitsa zaka zolandirira foni yatsopano, bola ndisaine kontirato ya zaka ziwiri. Anandiwerengera ndi Jafar yemweyo. Ndinakana. Foni yanga ndi yakale, yomanga ndi mphira, koma imalandira khadi la kampani iliyonse, ndipo ndikapita kokagula nsomba ku Meponda ndimasintha khadi. Yawoyo ndi yokhoma, imalandira khadi lawo lokha.

Lachitatu cha m'ma 10 koloko m'mawa khadi langa linasiya kugwira. Lachinayi ndinapita ku ofesi ya kampaniyo. Mtsikana wa pakauntala anandiuza kuti mwini nambala anabwera dzulo lake, ananena kuti khadi linatayika, anapatsidwa lina, anasaina kontirato n'kutenga foni. Ndinati mwini nambala ndine. Anandionetsa dzina la Jafar.

Jafar sanagone kunyumba masiku anayi. Lamlungu ndinamva kuti ali ku Lulimile kwa chibwenzi chake, Cheila. Ndinayenda wapansi makilomita ngati atatu, n'kufika 2 koloko masana. Ndinamupeza pakhonde atavala magalasi akuda, kunja kuli mitambo. Anati foni anapatsa Cheila ngati mphatso, ndipo lamulo lili mbali yake poti nambala ili m'dzina lake. Munthu amene sanagulepo ngakhale machesi ankandiphunzitsa lamulo.

Cheila anadandaula kuti anatopa ndi anthu oimba kufunsa usipa. Anayesa kuikamo khadi lake la kampani ina, foni inakana. Loweruka anaipititsa kwa Ivaldo, wokonza mafoni pafupi ndi msika, kuti aitsekule. Katswiriyo anafufuta zonse zam'kati, foni n'kukhalabe yokhoma.

Ndinafunsa ngati panaimba wina wosafuna usipa. Mawu a Cheila ndikuwakumbukira bwino: "Lachisanu anaimba mwamuna wina wotsokomola, amafuna amayi ake. Amati ali m'chipatala. Ndinamuuza kuti walakwitsa nambala, asaimbenso."

Sanamufunse kuti chipatala chake n'chakuti. Nambala imene anaimbira inafufutika kwa Ivaldo. Ndinakhala pansi.

Lolemba pa 10 ndinabwerera ku ofesi. Anati mndandanda wa oimba amapatsa mwini nambala yekha. Nditabwerera ku Lulimile, Jafar anati apita ku ofesiko pokhapokha ndikamupepesa, chifukwa ndinamuchititsa manyazi pamaso pa mkazi wake. Ndine wamkulu kwa iye ndi zaka zisanu ndi zitatu. Ndinagwada pakhonde la Cheila, anthu akuona, ndinapepesa. Anati aganizira.

Lero ndi tsiku lachinayi akuganizirabe. Foniyo sindikuifuna, akhale nayo. Ndikupempha apolisi amutengere ku ofesi ya kampaniyo, ndidziwe kumene mwana wanga wagona.

Zomwe ndikudziwa n'zimenezi.

Wonena: Shamsa Atumani (chidindo cha chala) ____________
Wolemba: Estêvão Bernardino ____________