Mawu Anga Amene Tamara Anafufuta mu Foni

Monire mose, abale ndi alongo! Mulungu ndi wabwino! Ndine NyaMhango wa ku Njakwa, ine amene sindinagwirepo pensulo.

Chaka china mbozi zinalowa m'chimanga changa. Ndinagula mankhwala, koma zolembedwa pa botolo ndani akanandiwerengera? Ndinathira mongoganizira. Chimanga chonse chinapsa. Chinapsa, abale anga! Ndinachiwotcha ndi manja angawa.

Mwana wanga Tamara, amene anaphunzira za makompyuta, atamva analira. Anati, "Amama, ndipanga pulogalamu ya pa foni yoyankhula, iziuza osawerenga kathiridwe ka mankhwala." Anaiyambadi. Inali yaulere, yosabisa mapangidwe ake, aliyense wodziwa ankaloledwa kuwonjezerapo. Anzake a ku Mzuzu ndi ku Zomba ankathandiza popanda malipiro. Ife azimayi a m'chigwa chathu cha Henga anatipempha mawu: titchule mayina a tizilombo, foni ijambule.

Koma mukundidziwa ine! Ndikatchula mbozi, ndiyenera kunenanso za apongozi anga amene ankazithamangitsa ndi phulusa. Ndinajambulitsa nkhani, nkhani, nkhani. Anzanganso chimodzimodzi.

Tamara anafufuta zonse. Zonse! Anati, "Amama, ndati dzina la kachilombo, osati mbiri ya banja."

Ndinati, "Iwe, pakamwa pano ndi pamene panakuphunzitsa kuyankhula!"

Ndinasiya. Azimayi onse anasiya. Akandiimbira foni kuchokera ku tauni, ine ndinkangoiyang'ana. Miyezi iwiri osayankhula ndi mwana wobereka ndekha, mvula ili pafupi, mbozi zili m'njira. Kupemphera ndinkapemphera, koma mkwiyo ndinausunga ngati mbewu.

Tsiku lina ndinangoona munthu akutsika minibasi, wowonda, maso ofiira. Tamara! Anakhala pakhonde nati, "Amama, anzanga aja nawonso athawa. Wina ankafuna kuika za nkhuku mu pulogalamu ija, ndinakana. Wina za nyemba, ndinakana. Ndikavomera zonse sitimaliza. Ndikakana, ndikutsala ndekha. Ndikuisiya."

Pamenepo Mzimu unandigwira lilime. Ndinati, "Mwana wanga, ukaitana anthu kudzakulimira, umawaletsa kuyimba? Ayi. Umawasonyeza mzere, iwo aziyimba uku makasu akupita."

Ndiye mwanayo anandibaya bwino. Anati, "Koma inu, amama, munkayimba khasu mutaliponya uko."

Abale, ndinaseka mpaka misozi! Chinali chilungamo. Tinagwada pomwepo, tinapepesana.

Tinagwirizana motere: mayi aliyense ayambe watchula mayina khumi a tizilombo, akatha anene nkhani yake, isungidwe pambali osafufutidwa. Anzake aja Tamara anawaimbira mmodzimmodzi, nawauza kuti timalize za chimanga mvula isanagwe, za nkhuku ndi za nyemba mudzazitsogolera eni ake. Anabwerera! Azimayi anabwerera! NyaGondwe, amene ankati sadzayankhulanso ndi foni, ndiye ankafika woyamba.

Aleluya! Mvula yoyamba inapeza ntchito itatha.

Lero ndikafuna kupopera, ndimadina foni, imanditchulira kachilombo ndi mawu anga omwe, kenako n'kundiuza muyezo. Ndimadzimvera ndekha, ine amene sindimvera munthu! Nkhokwe yadzaza. Wa nkhuku uja wayamba yake, ndipo mayina khumi a matenda a nkhuku ndamupatsa kale.

Yewo chomene, Ambuye Yesu, mwandibwezera mwana. Yewo nonse pondimvetsera. Abusa, ndaona mukuyang'ana wotchi. Ndakhala pansi. Ameni!