Ndinatentha Mapesi a NyaShaba

Abale mwa Ambuye, ine ndinali munthu wa moto. Chaka chilichonse, chimanga chikangolowa m'nkhokwe, ndinkaunjika mapesi ndi kuyatsa. Munda unkayera mbee, ndipo ndinkati ulimi ndi umenewo.

Ndine Jere, wa kufupi ndi Edingeni. Chichewa changa chikapendekera ku Chitumbuka, mundipirire.

Bambo anga anandisiyira ng'ombe zisanu ndi imodzi. Ndowe m'khola zinkafika m'mawondo, koma sindinatengeko ngakhale fosholo imodzi kupita nayo kumunda. Ndinkati mwamuna wolima fodya sangasenze ndowe. Mulungu wanga anali thumba la feteleza. Ndikalipeza ndinkamwa mowa posangalala. Ndikalisowa ndinkamwanso podandaula.

Mkazi wanga, NyaShaba, sankakonda mikangano. Anaphunzira kupanga manyowa kwa amayi anzake a kumpingo. Anakumba maenje awiri kuseri kwa khola, n'kumathiramo udzu, masamba, ndowe ndi phulusa la kukhitchini. Madzi owaza ankasenza yekha kuchokera kumjigo. Ndinamupatsa kachigawo ka mchenga kumapeto kwa munda, monyoza. Iye anakaphimba ndi mapesi, anabzala nandolo pakati pa chimanga, ndi timitengo ta msangu m'mphepete.

Ndinkamuseka. Chaka chachitatu, kachigawo kaja kanatulutsa chimanga choposa cha munda wanga wonse.

Munthu wanzeru akanathokoza. Ine ndinachita manyazi. Anzanga a kumowa nawo sanandisiye.

“Ada Jere, tamva kuti mukudyetsedwa ndi amama. Munda wasanduka dzala, mbwenu mlimi ndi mkazi!”

Ndinaseka nawo, koma m'kati ndinali nditapsa mtima.

Linali Loweruka masana, mwezi wa Okutobala, dzuwa likuswa mtengo. NyaShaba anali atapita kumaliro. Ndinachoka kumowa, ndinapita kumunda kwake, ndinayatsa. Musaganize kuti moto unathawa mwangozi. Ndinasankha mbali yochokera mphepo. Mapesi anapsa, nandolo anapsa, timitengo tija tinapsa. Kenako ndinakayatsanso udzu wophimba maenje. Ndinaima pomwepo, manja m'thumba, mpaka utsi unatha.

Atabwera, anaima m'phulusamo nthawi yaitali. Sanalire. Sanatukwane. Anangoti, “Adada, zaka zitatu. Ndinakulakwirani chiyani?”

M'mawa mwake anamanga zovala zake, ulendo wa kwawo ku Manyamula. Ana athu anali atakula kale, awiri ali ku Joni, choncho panalibe womugwira mwendo. Ine ndinauza anthu kuti, “Ndinalowola ndine. Abwera yekha.”

Sanabwere.

Chaka chimenecho feteleza anakwera mtengo, ndipo dzina langa silinatuluke pa mndandanda wa wotsika mtengo. Ndinagulitsa ng'ombe ziwiri. Theka ndinagula feteleza, theka ndinamwera. Chaka chotsatira ndinagulitsa zina ziwiri. Nthaka inali itatopa nane. Chimanga chinachita chikasu, chinamasula chili m'chiuno, kaufiti anadzaza m'mizere. Anzanga onditcha wodyetsedwa ndi mkazi aja palibe anabwera ndi mbale ya ufa. Ndimawaonabe mpaka lero, amandipatsa moni ngati sanalankhulepo kanthu.

Chaka chachitatu nkhokwe inatha mu Ogasiti. Pofika Novembala ndinali kuyenda panjinga kusaka ganyu. Ndinamva kuti ku Manyamula kuli mayi wina amene akulipira chimanga. Sindinama pamaso pa Mulungu: ndinadziwa kuti ndi iyeyo. Njala inandikankha.

Ndinamupeza m'munda umene alongo ake anamupatsa. Anandiyang'ana, anandipatsa moni mwaulemu, ndipo anandilozera dengu. Ntchito inali yosenza manyowa kuchokera kudzenje kukathira m'mapando.

Ndinasenza, abale. Ine Jere, dengu la ndowe zowolerana pamutu, pakati pa amayi anayi aganyu, m'mudzi wa apongozi anga. Alamu anga ankadutsa osanena kanthu. Bola akananditukwana.

Madzulo NyaShaba anatiyezera aliyense ndowa yake ya chimanga. Yanga sanawonjezere, sanachepetse.

“Yewo chomene, adada. Mwagwira bwino ntchito.”

Mawu ake anali omwewo basi.

Pobwerera sindinafike patali. Ndinatsika njinga pambali pa msewu. Ndinagwada m'fumbi, ndinalira ngati mwana. Ndinati, “Yesu, ndilibe choti ndikuuzeni. Mwaona nokha.” Aka kanali koyamba kupemphera osadzitchinjiriza. Ndinazindikira kuti sindinatenthe mapesi chifukwa cha ulimi. Ndinatentha chifukwa mkazi wanga ankanena zoona, ndipo ine sindinathe kupirira.

Lamulungu lotsatira ndinalowa m'tchalitchi. Mowa ndinasiya. Ludzu lake limabwerabe, koma Ambuye amandigwira dzanja.

Ng'ombe ziwiri zotsalazo ndi zimene zikundidyetsa tsopano, osati pozigulitsa. Ndinafukula maenje a NyaShaba omwe aja. Mapesi ndimawagoneka m'mizere. Ndimabzala nandolo, ndimasinthanitsa chimanga ndi soya. Chaka choyamba ndinakolola zochepa, ndipo ena anati Jere wapenga ndi mapemphero. Nthaka sichira msanga ayi.

Mwina mukudikira kuti ndinene kuti NyaShaba anabwerera. Ndinatumiza akuluakulu kawiri. Kachitatu ndinapita ndekha ndi m'busa wathu. Anatilandira bwino, anatiphera nkhuku. Kenako anati, “Ndinawakhululukira kale. Koma kubwerera, ndapota, musandikakamize. Mtima wanga wakhazikika kuno.”

Zimandipweteka chomene. Sindimuimba mlandu. Chaka chino nkhokwe yanga yadzaza mpaka kukamwa, ndi ulimi umene anandiphunzitsa iye, ndipo ndimadya ndekha.

Komabe ndikuti, alemekezeke Yehova. Ananditola pambali pa msewu ndili wonunkha, sanandifunse kuti ndachedweranji. Anandichotsera mowa, anandibwezera nthaka, anandipatsa mtima wotha kunena kuti ndinalakwa.

Tsono iwe bambo mnzanga wakhala apo, amene ukudziwa kuti kunyumba kwako wonena zoona ndi mkazi, koma ukuopa kusekedwa ndi anzako: Yesu akukuitana lero. Usadikire njala ngati ine. Nyamuka, bwera kutsogolo kuno, pamene mkazi wakoyo akadali pabenchi ya amayi apo, akukuyang'ana.