Mmisiri Amene Nyimbo Inamukana

Malemu bambo athu, a Januario Kamphinda Banda, anabadwa pa 19 Seputembala 1958 m'mudzi muno mwa Chadzala, dera la mfumu yaikulu Kabudula, m'boma la Lilongwe. Anali achiwiri m'banja la ana asanu, ndipo anabatizidwa ku parishi ya Nambuma. Mafumu, abambo mfumu ndi anamalira nonse, mutipirire mbiriyi ikatalika. Dzulo kunabwera uthenga wochokera ku tauni wotipempha kuti tidumphe tsamba limodzi la moyo wa malemu. Banja lakana, ndipo tiwerenga zonse.

Anayamba sukulu mu 1966 koma analekezera sitandade seveni, makolo awo atapita kukagwira utenanti pa esiteti ya fodya ku Kasiya. Kumeneko ndi kumene anaphunzira ukalipentala, kuyambira pa kukonza zigafa. Mu 1979 anabwerera kuno ndi sowo, puleni ndi hamala m'thumba la feteleza, n'kumanga shedi yawo pamsika. Zitseko zambiri za m'mudzi muno, ngolo, ngakhale mabenchi mwakhalirawo, ndi manja awo.

Pa 6 Ogasiti 1983 anakwatitsa ukwati woyera ndi mayi Anastazia Nambewe, ndipo Mulungu anawapatsa ana atatu: a Luckson, a Ruth ndi a Natasha.

Tsamba lomwe anatipempha kudumpha ndi ili. Mu 1994 mlongo wawo, mayi Lucia, anamwalira n'kusiya mwana wa zaka zitatu dzina lake Gregory. Bambo a mwanayo anali atasowa kalekale. Malemu, monga malume, anamunyamula paphewa kuchokera pamaliro pomwepo. Mayi Anastazia anamubereka pa nsalu imodzimodzi imene anaberekera ana awo, ndipo panalibe mlendo akanatha kuloza kuti wamasiye ndi uti. Mwanayo sankachoka ku shedi. Tsiku lina masana anamufunafuna mpaka kudambo, kenako n'kumupeza ali m'tulo tofa nato m'bokosi la maliro lomwe malemu anali asanamalize kukhoma, m'manja muli mango. Malemu anaseka mpaka misozi, ndipo nkhaniyi anaikamba zaka zambiri. Banjo yoyamba ya mwanayo anamupangira ndi iwo, ya chigubu cha mafuta ndi waya wa mabuleki a njinga. Anamuphunzitsa mpaka folomu folo, ndipo mu 2010 anamuperekeza okha pa basi yopita ku tauni.

Mu 2014 a Gregory anatchuka. Dzina anali atasintha, tsopano ankadzitcha Chikwanje, ndipo ankaimba rapu ya zigawenga, ija yotamanda mipeni, chamba ndi kusaopa munthu. Zikuoneka kuti mu nyimbo zimenezi munthu wokulira pa banja la mtendere sagulitsa malonda, ndiye anafunika mbiri ina. Nyimbo imene inawalemeretsa imanena kuti iwo alibe m'bale padziko, kuti malume ankhanza anawathamangitsa ali mwana, ndipo ankagona m'bokosi la maliro posowa pogona. Anatenga nkhani yomwe malemu ankaseka nayo mwachikondi n'kuisandutsa chikwapu. Malemu anaimva pa foni ya munthu wodzagula chitseko. Anaika puleni pansi, anatseka shedi dzuwa lili pamutu, ndipo masiku awiri sanalawe kanthu. Ana ankaiimba podutsa pa shedi, alendo pamsika ankawaloza ndi milomo. Ife zinkatiwawa ndipo zikutiwawabe.

Zimene nyimbozi zachita kwa ana athu, inu makolo mukuzidziwa kuposa ife. Anyamata amene ankatipatsa moni atagwira chipewa anayamba kuyenda mabuluku ali m'mawondo, kuitana akuluakulu ngati anzawo a mpira. Ena anasiya sukulu, ena anagulitsa mtedza wa amayi awo kuti agule masipika. Anapanga gulu n'kudzitcha Ana a Chikwanje, ndipo anagawana msika ndi gulu lina la ku Nsaru ngati kuti msikawo anawasiyira makolo awo. Mwini nyimbo amagona m'nyumba ya mpanda ndi alonda pageti. Mipeni imene amaimba ija imabaya kuno.

Pa 12 Juni 2021 a Gregory anabwera, akuti kudzathokoza kwawo. Tisanamepo pamaso pa Mulungu: anakumbitsa mjigo, ndipo madzi ake tikumwa. Anabweretsanso madesiki a sukulu ya pulaimale, ndi malaya a anyamata ojambulidwa chikwanje pachifuwa. Malemu anadzuka m'mamawa, anasita jekete lawo la ukwati, n'kukakhala kutsogolo. Ankakhulupirira kuti tsiku limenelo mwana wawo awatsuka pamaso pa anthu. Koma panali atolankhani ndi makamera, ndipo munthu amene anauza dziko kuti alibe m'bale sakanapeza malume pamenepo. Atafika pa iwo anangowagwira nsonga za zala n'kupitirira, monga anachitira ndi wina aliyense pamzere. Malemu anabwerera jekete lili pamkono. Akuluakulu anati ukakwera pamsana pa njovu usamati pansi palibe mame, koma mawu otere sakwana mu rapu.

Madesiki aja anali a matabwa a utuchi wopanikiza, ogula ku tauni, mmisiri ali pakhomo. Dzinja limodzi lokha anafufuma ngati buledi wogwera m'madzi. Amene ankapita Loweruka lililonse kukawakonza, popanda wowatuma kapena wowalipira, anali malemu. Tikawaletsa ankati ana asakhale pansi, komanso dzina la mwana wawo lisanyozeke.

Pa 9 Malichi 2024, ali pa ntchito yomweyo, magulu awiri aja anakumana pabwalo la sukulu masana. Malemu anatuluka kukaleretsa, poti onsewo ankawadziwa mayina ndi amayi awo omwe. Wina, atavala malaya a chikwanje aja, anawamenya m'mutu ndi mwendo wa desiki. Anagonekedwa pa chipatala cha Kabudula, kenako ku chipatala chachikulu ku Lilongwe kwa miyezi iwiri. Anabwerako dzanja lamanja litafooka, ndipo puleni sanaigwirenso. Tinatumiza mauthenga ku tauni katatu. Yankho silinabwere.

Matenda anakula mu Meyi chaka chino. Malemu anaitanitsa a Luckson, anasankha okha matabwa a m'bawa, ndipo atakhala pa mpando anawalangiza kukhoma bokosi limene agonamo leroli. Anatsikira kulichete Lachiwiri pa 15 Julaye 2025, m'manja mwa mayi Anastazia, ali ndi zaka 66.

Tsopano mwaona galimoto yaima pa mtengo apo, ndi bokosi lonyezimira la zogwirira zagolide. Uthenga wa dzulo unati tilengeze kuti bokosilo ndi mphatso ya woimba wachifundo kwa mmisiri wosauka wa m'mudzi, koma za chibale tisatchule. Tikuthokoza, koma libwerere. Mmisiri amene anakhomera mabokosi theka la manda awa sangapite m'bokosi lobwereka dzina.

Zikanakhala za ife, a Gregory sakanaponda pa siwa pano. Tinakangana za ichi mpaka ena kutuluka m'nyumba. Koma sabata yomaliza malemu anatigwira dzanja n'kutilamula zinthu ziwiri: kuti mwana wawo akabwera asathamangitsidwe, poti pakhomo pawo sanathamangitsidwepo, ndiponso kuti powerenga ana, iye awerengedwe. Mtima wathu sukufuna, koma mawu a akufa sitipikisana nawo. Inu a makamera amene mwabwera kudzajambula chifundo, musazimitse, mujambule bwino.

Malemu asiya mkazi, mayi Anastazia, achimwene awo awiri ndi zidzukulu zisanu ndi ziwiri. Asiya ana anayi: a Luckson, a Ruth, a Natasha, ndi a Gregory Banda, amene dziko limawatcha Chikwanje, akhala apo ndi magalasi akuda. Amenewo analeredwa m'nyumba iyo ya zitseko zobiriwira kuyambira zaka zitatu mpaka atamera ndevu, ndipo sanagonepo panja kapena ndi njala.

Tikuthokoza mafumu potipatsa malo, adzukulu amene agwira ntchito kuyambira m'mawa, a mphakati ndi a kwaya, madotolo ndi anamwino, aphunzitsi amene ankabwera kudzazonda, ndi amayi nonse amene mwakhala ndi mayi Anastazia. Kwa anyamata amene mwaima kumbuyo uko, malaya aja mutawabisa mkati mwa majekete, takuonani, ndipo mudzatiuza amene adzakonze madesiki a azing'ono anu.

Pitani bwino, a Banda. Tawerenga monga munatituma, ndipo mwana wanu wamva. Mzimu wanu uuse mu mtendere.